Mvula ndi Fanizo la Chiyani, Bwana?

Kwa Bwana Wamkulu Woyang'anira Mabuku Owerenga ndi Mayankho Olondola,
Kumtunda.

Bwana wolemekezeka,

Ndagwada, ndaomba m'manja, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire polemba kalatayi poyera. Ndinakulemberani kale mwaulemu kudzera m'njira zonse zoyenera, koma ndikukhulupirira kuti makalatawo anakokoloka ndi madzi panjira, chifukwa munthu woleredwa bwino ngati inu sangangokhala duu osayankha. Ine ndine Prudence Kalioti, mphunzitsi wa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale yoyendera kwa Makhuwira, kuchigwa kuno. Mukafuna kutipeza pa mapu a mu ofesi mwanumo, tsitsani chala kuchokera pamene mwakhalapo mpaka chiyambe kutuluka thukuta.

Chandilembetsa ndi mtsikana mmodzi wa Fomu 4, dzina lake Luisa. Masisitere a kuno ali ndi nyumba yogonamo atsikana, yokhala ndi magetsi owerengera, ndipo amalandiramo okhawo amene akhoza bwino mayeso oyeserera. Luisa anaperewera pang'ono, ndipo chinamugwetsa ndi funso limodzi la m'pepala lanu la mabuku. Masisiterewo amuchitira chifundo kuti alembenso Lolemba likudzali. Akalepheranso, bambo ake, a Jeremiya, anena kale kuti sukulu yathera pomwepo: mtsikanayo apita kwa azakhali ake ku Ngabu kukathandiza kugulitsa milamba yowamba pamsika. Ku Ngabuko kuli bambo wina wogula thonje, wa akazi awiri kale, amene wayamba kupereka moni wautali kwambiri kwa azakhaliwo. Ndinu munthu wamkulu, Bwana, mukudziwa kumene moni wotere umathera.

Popeza ndine wantchito wanu womvera, nditsatira njira imene munatiphunzitsa m'chikalata chanu cha chaka chino: munthu atenge ndime, ailembe mawu ndi mawu m'kati mwa mitengero, kenako apereke maganizo ake. Ndime zanga nditenga m'chikalata chanu chomwecho. Mukamandichonga musandimvere chisoni, inki yofiira tinaizolowera.

1. "Sabata iliyonse wophunzira asankhe ndime m'buku lake."

Poyamba ndithokoze chifukwa cha liwu loti "lake". Nditaliwerenga m'kalasi ana anayang'anana, ena anamwetulira, chifukwa palibe amene anawauzapo kuti ali ndi buku. Kalasi langa limadzaza mpaka ena kukhala pazenera, ndipo mabuku a chikuto chobiriwira aja munatitumizira anayi. Sindikudandaula. Anayi ndi ambiri poyerekeza ndi sukulu yoyandikana nafe, imene imabwera kudzabwereka kwa ife.

Mabukuwo anafika namondwe uja asanabwere. Madzi atalowa mu ofesi ya aphunzitsi, tinawatola m'matope n'kuwayanika pamalata amene anasasuka padenga. Anauma ndithu, ndipo ananenepa. Buku limene munatumiza lowonda lija pano silikwana m'thumba la mwana, ndiye musanene kuti kuchigwa sitisamala katundu wa boma. Vuto laling'ono ndi loti masamba a pakati anamatirirana m'mabuku onse anayi. Kusukulu kwathu, mnyamata wa m'nthanoyo amatsanzika mayi ake kuti akupita kutauni kukafuna ntchito, ndipo tsamba lotsatira limene limatseguka timapeza anthu akuchokera kumanda. Chimene chinamupha sitikuchidziwa mpaka lero. Ana ena akuti ndi ng'ona. Vitu, amene bambo ake anachokera kumpoto kudzagwira ntchito kunzimbe, akuti n'kutheka kuti mnyamatayo anatumizidwa kuchigwa n'kufa ndi kutentha. Ngati kumtundako masamba amenewa amatseguka, chonde mutiuzeko.

Ndime yomweyi ndinaiwerenganso pamsonkhano wa makolo. A Jeremiya amadula nzimbe kutsidya kwa Shire, ndipo kwa iwo ndime ndi malo amene kapitawo amakupimira m'mawa kuti udule usanaweruke. Anaimirira, navula chipewa, n'kunena kuti: "Aphunzitsi, ife kunzimbe kapitawo akatipasa ndime amatipasambo chikwanje. Mwana mwampasa ndime. Chikwanje chake chili kupi?" Ndinawayankha kuti chikwanje chili ku likulu, akuchinola. Iwo anati takhuta, ndiko kuthokoza kwa kuno, n'kukhala pansi. Ndikhulupirira kuti sindinakunamizireni.

2. "Ndimeyo ilembedwe mawu ndi mawu, osasintha ngakhale mpatuliro. Wolakwitsa achotseredwe malikisi."

Lamuloli ndi lanzeru, ndipo tikulisunga ngati dzira. Popeza mabuku ndi ochepa, ndime ndimailemba ine pabolodi. Okhala kutsogolo amakopera pabolodi, apakati amakopera kwa akutsogolo, akumbuyo amakopera kwa apakati, apazenera amangomvera mphekesera. Mwezi watha ndinalemba kuti apongozi anamulandira mkamwini "ndi manja awiri". Pofika kumzere womaliza, anali atamulandira "ndi manda awiri". Vitu yemwe uja anapereka maganizo ake pa ndimeyo, tsamba lathunthu, kudzudzula nkhanza za apongozi a masiku ano. Zinali zomveka bwino kwambiri moti ndinamva chisoni pomuchotsera malikisi, koma lamulo ndi lamulo.

Palinso Hadija, mtsikana wosamala zinthu, amene anachita mwayi wogwira buku lenileni. Ndime imene anasankha inali ndi banga la matope pakati pa chiganizo. Atakumbukira kuti munati tisasinthe kanthu, anatsegula mitengero, nalemba mawu oyamba, najambula bangalo monga linalili, n'kupitiriza chiganizo mpaka pampumiro. Ndinafufuza m'chikalata chanu chonse kuti ndione ngati matope ali ndi malikisi, osapeza. Ndinamupatsa theka, ndipo ndikudikira chitsogozo chanu.

3. "Akatero wophunzira apereke maganizo ake momasuka. Pa nkhani ya maganizo palibe yankho lolakwa."

Apa ndiye munandigwira mtima, Bwana. Mawu amenewa ndinawalemba papepala lalikulu n'kumata kukhoma, pamwamba pang'ono pa mzere umene madzi analekezera. Ana a kuno si olankhulalankhula pamaso pa akuluakulu. Ndinatha miyezi ndikuwanyengerera kuti asaope, alembe zimene zili mumtima, Bwana Wamkulu mwini wake walola. Ena anayamba kukhulupirira, ndipo Luisa anali mmodzi mwa iwo.

Kenako kunabwera mayeso oyeserera ochokera ku ofesi kwanu, ndi ndime iyi ya m'buku lobiriwira lija:

"Mitambo inadetsa pamwamba pa mapiri. Mphepo inabweretsa fungo la dothi lonyowa. Amayi analuluta, ana anavula malaya n'kuthamangira pabwalo, ndipo mudzi wonse unagona tulo tabwino pomva mvula ikuimba padenga."

Funso linali lakuti: "Kodi mvula m'ndimeyi ndi fanizo la chiyani? Fotokozani mmene mukumvera mumtima mukaiwerenga."

Ndimeyi ndi yokoma, ndipo mlembi wake sindikumuimba mlandu. Analemba mvula imene amaidziwa. Koma mundilole, mwa umbuli wanga, ndikufotokozereni mvula imene timaidziwa ife. Kuno mitambo ikadetsa pamwamba pa mapiri a ku Thyolo, palibe mayi amene amaluluta. Amayi amamanga ufa m'mapepala a pulasitiki, abambo amamasula mbuzi, ana amauzidwa kuti avale malaya onse amene ali nawo, ena pamwamba pa ena. Nthawi zina padenga pathu sipagwa ngakhale dontho, dzuwa lili phwee, koma madzi amafika ndithu. Amachokera kumtunda, sapereka moni, safunsa ngati takonzeka, ndipo eni ake amatsala kwawo ali owuma. Pa mbali imeneyi amafanana pang'ono ndi zikalata.

Luisa anali ndi mlongo wake wamng'ono wa ku pulayimale. Dzina lake linali Fanizo. Si dzina lachilendo kuno, alipo angapo m'midzi muno, ndipo sindikuyembekezera kuti ofesi yanu izidziwa mayina a ana a anthu odula nzimbe. Chaka cha namondwe madzi anafika m'mudzi mwawo m'mawa, ndipo banja lonse linathawira m'mwadiya wa mnansi wawo. Mwadiya, Bwana, ndi chimene kumtundako mumati bwato. Pakati pa madzi mwadiyawo unagunda mtengo umene unkakokoloka, n'kupendama. Ena onse anagwira m'mphepete. Fanizo sanapezeke mpaka lero, ndipo kwawo kulibe manda ake.

Tsopano ndikupatsani yankho la Luisa, mawu ndi mawu, osasintha ngakhale mpatuliro:

"Ndikawerenga ndimeyi ndimamva mantha. Anthu a m'mudzimu sakuyenera kugona. Wina adzuke akaone mtsinje, wina amasule mbuzi. Ana asavule malaya chifukwa kukampu kumazizira ndipo zofunda sizikwana. Funso likuti mvula ndi fanizo la chiyani. Ine sindikudziwa. Kwathu Fanizo anali mlongo wanga. Tinakwera naye mwadiya koma pofika pamtunda sanatsike nafe."

Pepalalo linabwerako kochongedwa lili ndi dzira lofiira, lozungulira bwino, ndipo pambali panalembedwa kuti: "Wasochera. Sanamvetse funso." Liwu loti mwadiya linazingidwa, ndipo pamwamba pake panali uphungu waulere: "Si Chichewa. Lembani bwato." Ndathokoza m'malo mwa banja lonse. Anthuwa akhala akuganiza kuti anapulumukira m'mwadiya, osadziwa kuti anakwera cholakwika cha kalembedwe.

Wochongayo musamufunefune, alibe mlandu. Ndi mphunzitsi mnzanga wa kwinakwake amene anapatsidwa mulu wa mapepala, cholembera chofiira ndi kabuku kanu ka mayankho. Anachita zimene munamutuma.

4. "Yankho lolondola: Mvula ikuimira chiyembekezo ndi moyo watsopano. Wophunzira aonetse kuti akumva chimwemwe."

Iyi ndaitenga m'kabuku ka mayankhoko, ndipo ndi imene yandichititsa manyazi chifukwa cha kuchepa kwa maphunziro anga. Ine ndinkaganiza kuti mukati palibe yankho lolakwa ndiye kuti mayankho ndi ambiri. Sindinadziwe kuti mukutanthauza kuti yankho ndi limodzi, ndipo ena onse si mayankho n'komwe, choncho sangakhale olakwa. Zili ngati kumuuza mkamwini kuti asankhe yekha polima, munda uli umodzi. Nzeru zotere sitingazipeze kuno, kumatentha kwambiri.

Mwatipeputsira ntchito yaikulu, Bwana. Kale mwana ankayenera kuwerenga, kuganiza, kenako n'kufufuza mumtima mwake. Pano mtima waperekedwa kale kuchokera ku likulu, wodindidwa chidindo, mwana angoloweza. Makolo athu, amene anafa osaona kabuku kanu, ankati walira mvula walira matope. Iwo ankaona ngati mvula ili ndi mbali ziwiri. Akanalemba mayeso anu akanapeza theka, mwinanso akanauzidwa kuti asochera.

Pempho langa laling'ono pamenepa ndi loti ntchito yabwinoyi musaisiyire panjira. Mwatiuza zoyenera kumva pa mvula, koma zatsala zambiri. Ng'ona ikuimira chiyani? Nanga tenti, nanga thumba la chimanga cha chithandizo chofumbwa? Mwana akagona m'kalasi momwe amaphunziramo masana chifukwa nyumba yawo inagwa, aonetse kuti akumva chiyani? Mvula ili pafupi kuyamba, ndipo sitikufuna kuti madzi adzatipeze tili pamwamba pa mitengo tikumva zolakwika.

5. "Buku ndi kalilole. Mwana aliyense adzione m'menemo."

Pa ndime iyi ndilibe zambiri. Luisa anayang'ana m'kalilole wanu, anadziona, ndipo ananena zimene anaona. Malikisi ake mwawamva kale.

Apa mundilole ndiike ulemu pambali pang'ono, ndiutolanso posachedwa. Ndakwiya, Bwana, ndipo mtima ukundipweteka. Ndaphunzitsa mabuku zaka zambiri, ndachonga mayankho oloweza mpaka maso kuchita chidima, ndipo sindinaonepo mwana amene anawerenga ndime mozama ngati mmene anachitira Luisa. Anaikopera yonse popanda cholakwa, mitengero ili m'malo mwake. Analowa m'mudzi wa m'bukumo n'kuyamba kudzutsa anthu kuti asafe. Ngati kumeneko si kuwerenga, ndiye kuti ine sindidziwa chimene ndakhala ndikuphunzitsa. Chichitikireni ngoziyo mwanayu anali asanatchulepo dzina la mlongo wake pasukulu pano, ngakhale kwa anzake. Analitchula koyamba papepala lanu, chifukwa ine ndinamuuza kuti inu mwalola.

Lachitatu lapitali anatsalira anzake atatuluka. Anaima pafupi ndi tebulo langa akupotokola m'mphepete mwa yunifolomu, n'kundifunsa kuti: "Madamu, Lolemba likabweranso funso lija, ndilembe zoona kapena zokhozetsa?"

Musade nkhawa, sindinakuchititseni manyazi. Ndinaganiza za magetsi a kwa masisitere, ndinaganiza za bambo wogula thonje uja ndi moni wake, ndipo ndinamuuza kuti alembe zokhozetsa. Ndinamulembera chiganizo chanu pabolodi. Pano akuchiloweza. Dzulo anandionetsa kope lake, tsamba lonse lodzaza ndi mzere umodzi wobwerezabwereza: mvula ikuimira chiyembekezo ndi moyo watsopano, ndipo ine ndikumva chimwemwe. Amalemba mwaukhondo mwanayu, zilembo zake ndi zoongoka. Pepala lokhala ndi mawu anu oti palibe yankho lolakwa ndalimatula kukhoma kuti lisasokonezenso ena.

Ndikukhulupirira kuti Lolemba akhoza. Akakhoza mudzamuwerengera pamodzi ndi ana amene njira yanu yatsopano yawatukula, ndipo mudzakhala mukunena zoona: anabwera ndi maganizo ake, achoka ndi anu.

Chatsala ndi chinthu chimodzi chimene chandikanika, ndipo n'chifukwa chake ndagogoda pakhomo panu. A Jeremiya sadziwa kuwerenga, koma dzira lofiira amalidziwa. Anabwera kusukulu ndi pepala la mwana wawo atalipinda bwinobwino m'thumba la malaya, n'kundipempha kuti ndiwawerengere zimene analemba. Ndinawawerengera. Kenako anati: "Mwanayu nkhabe kunama, aphunzitsi, pyonsene ndi momwemo. Tsono ngati ichi n'cholakwa, cholondola chinali chiti? Ndipangeni, ndikamuuze mayi wake." M'Chisena cha kuno nkhabe ndi ayi, pyonsene ndi zonse, ndipo kupanga munthu ndiko kumuuza.

Bwana, ine ndine mphunzitsi wamba. Ndinayang'ana bamboyo kumaso, yankho lanu lili m'kabuku patebulo pomwepo, koma kabukuko sindinakatsegule. Ndinawauza kuti funso lotere ndi lalikulu, loyenera eni ake. Iwo anavomera, anati adikira.

Choncho ndikukugwirani mwendo, modzichepetsa konse: bwerani mudzawauze nokha. Sizitenga nthawi, chiganizo chake ndi chimodzi. Tidzakuyalirani mkeka pamalo pamene panali nyumba yawo, mayi a Luisa adzakhala pomwepo, ndipo inu mudzaimirire, mutsegule kabuku kanu, muwawerengere momveka bwino kuti mvula ikuimira chiyani ndi zimene akuyenera kumva. Ndikupangira mwezi wa Febuluwale, mitambo itadetsa pamwamba pa mapiri, kuti phunziro lidzakhale ndi zitsanzo.

Nthawi imeneyo msewu umakhala utaduka, ndiye galimoto mudzaisiye kutsidya. Za kuwoloka zokha ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Ndafunsa m'midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje ngati alipo amene ali ndi bwato loyenera munthu wa Chichewa cholondola ngati inu, ndipo onse akuti alibe. Kuno kuli mwadiya basi. Mukadzafika pagombe madzi atadzaza, mudzasankhe nokha momasuka: kukwera liwu lolakwika, kapena kuwoloka ndi chiyembekezo.

Ine wanu womvera pa zonse, ngakhale pa zoyenera kumva mumtima,

Prudence Kalioti (Mayi)
Mphunzitsi wa Chichewa ndi msungi wa mabuku anayi,
Kwa Makhuwira, kumunsi kwa mapiri.